Nkhosa ya peka pa lesitilanti ina ku Kensington

Amene mumakonda nyama ya nkhosa, kumbali ya Kensington kuno ku Joni kuli kalesitilanti ka banja lina lochokera ku Croatia, kumapiri a kuseri kwa mzinda wa Zadar. Chakudya chawo chachikulu amachitcha peka. Amaika nyama, mbatatesi ndi anyezi m'chiwaya, amavindikira ndi chivindikiro chachitsulo, kenako amaunjika makala amoto pamwamba. Zimatenga maola angapo kuti zipse, choncho muziimba foni kudakali m'mawa. Nyama imachoka yokha pafupa, ndipo mbatatesi zimamwa msuzi wonse mpaka kufiira m'mbali. Sindinadyepo nkhosa yofewa chonchi.

Tchizi chawo n'chamchere komanso chafungo lamphamvu. Mayi a kunyumba analawa pang'ono n'kukankhira mbale kwa ine. Madala a pamalopo anatiuza kuti kwawo tchizi chotere amachisunga m'thumba la chikopa cha nkhosa, monga ankachitira makolo awo, abusa amene anthu a ku Venice, mzinda wa ku Italy umene kale unali dziko palokha, ankawatcha a Morlach.

Apa m'pamene ndinaiwala chakudya. Pakhoma pali mapu akale, ndipo madalawo anadzuka n'kumatiloza ndi chala. Abusawa ankakhala m'malire a ulamuliro wa Ottoman (wa ku Turkey) ndi wa Venice. Pa nkhondo ya pakati pa maulamuliro awiriwa, ya 1645 mpaka 1669, mabanja ambiri anawoloka ndi ziweto zawo kupita mbali ya Venice, pafupi ndi mizinda ya Zadar ndi Šibenik. Analandiridwa, inde, koma ankayenera kugwira mfuti n'kumalondera malire, ngakhale kukathira nkhondo midzi imene anachokako. Ena Venice inawasamutsira kuchigawo cha Istria, m'midzi imene miliri ndi nkhondo zinasiya mabwinja. Nkhondo itayambiranso mu 1684, atsogoleri awo monga Stojan Janković anamenyanso, ndipo matauni a Sinj ndi Knin anagwa m'manja mwa Venice. Kumpoto nako, mu 1630 mfumu Ferdinand II ya ku Austria inakhazikitsa malamulo opatsa abale awo otchedwa a Vlach malo ndi ufulu wosankha atsogoleri awo, malinga ngati akhala asilikali a m'malire.

Ine nkhaniyi inandikhudza chifukwa agogo anga aamuna anabwera kuno pa Wenela. Boma limakuitana likafuna manja ako, koma anthu a m'tauni amakuonabe ngati munthu wa kutchire, ndipo a Morlach nawo ankaonedwa choncho m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja. Madalawo amaifotokoza modekha, osakokomeza, ndipo sakukakamiza kumvetsera ngati wangobwera kudzadya basi.

Zodandaula zilipo. Ndiwo zamasamba n'zochepa kwambiri, kasaladi ka kabichi kokha. Buledi amaphika okha ndipo ndi wabwino, koma amene simukhuta popanda nsima mudziwiretu kuti kulibe, ngakhale papa. Mtsikana woperekera zakudya anali yekha pa matebulo onse, moti tinadikira madzi akumwa nthawi yaitali. Mtengo nawonso si wa tsiku lililonse. Ndi malo opitako mwezi ukatha. Peka imodzi imakwanira anthu anayi, ndiye mukasonkherana sizipweteka m'thumba. Ngati mulibe galimoto, konzeranitu ya pobwerera, chifukwa usiku mataxi mumsewu umenewo amasowa.