Khoma, kuthawa kapena inshuwalansi: tidalire chiti?

Akatswiri akamanena za "chigumula cha kamodzi pa zaka 100", sikuti chikabwera chaka chino ndiye mwapuma mpaka nthawi ya zidzukulu. Akutanthauza kuti chaka chilichonse mpata woti chibwere ndi 1 pa 100, ndipo mukakhala pamalopo zaka 30, mpatawo umafika pafupifupi 26 pa 100. Nanga ndalama zochepa zomwe zilipo zipite kuti?

Khoma lotchinga madzi ndi lomwe limakopa mtima, chifukwa limaoneka ndi maso ndipo limateteza moyo ndi katundu yemwe. Ku Fudai, ku Japan, meya Kotoku Wamura anaumirira kumanga chipata chotchinga madzi chotalika mamita 15.5, anthu akumunena kuti akungosakaza ndalama. Iye anamwalira mu 1997. Tsunami, mafunde aakulu a m'nyanja obwera chifukwa cha chivomezi, itafika pa 11 Marichi 2011, nyumba za kuseri kwa chipatacho zinapulumuka. Koma ku Taro, m'chigawo chomwecho cha Iwate, khoma la mamita 10 lomwe anthu ankalinyadira linamizidwa, ndipo anthu oposa 100 anafa. Vuto la khoma ndi limenelo: limalekeza pamene panalekeza maganizo a amene analimanga. Choipa china, limagonetsa anthu tulo. Munthu amene akudalira khoma amachedwa kunyamuka.

Kuchenjezana ndi kuthawa kulibe ulemerero wotere, palibe nduna imabwera kudzadula riboni. Koma taonani Bangladesh. Namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000, wa mu 1991 anapha pafupifupi 138,000, pamene Sidr, wa mu 2007, anapha osakwana 5,000. Mphepo sinafatse ayi. Chinasintha n'chakuti kunamangidwa nyumba zolimba zothawiramo, ndipo anthu ongodzipereka amayenda m'midzi ndi zimkuzamawu kuuza anzawo kuti asamuke. Ku Kamaishi, mzinda wina wa ku Japan, tsiku lomwe lija la tsunami ya 2011, ana asukulu pafupifupi 3,000 anapulumuka chifukwa anali atazolowera kuthamangira kumtunda osadikira kuuzidwa kawiri. Njira iyi sifunsa kuti madziwo ndi a mamita angati. Kuipa kwake, mumapulumutsa moyo wokha, nyumba ndi katundu n'kupita. Imafunanso kubwereza kawirikawiri, ndipo chenjezo likalira kangapo popanda chochitika, anthu amayamba kulinyozera.

Inshuwalansi sipulumutsa munthu m'madzi, ntchito yake imayamba madzi ataphwa. Pomanganso nyumba imathandizadi, ndipo ndalama zosunga nokha sizingafikepo. Koma tsoka lalikulu limagwera anthu ambiri nthawi imodzi, ndiye onse amakagogoda pakhomo limodzi: namondwe wa Andrew atakantha Florida, ku United States, mu 1992, makampani angapo a inshuwalansi anagwa.

Ine ndikanati ndisankhe chimodzi, ndikanayamba ndi kuthawa, chifukwa n'kotchipa ndipo kumagwira ntchito ngakhale tsokalo litaposa zonse zimene tinawerengera. Khoma ndi ntchito ya boma, munthu payekha sangalithe. Inshuwalansi ibwere pambuyo, koma musanasaine werengani ndime ya zimene salipira. Ku United States, mwachitsanzo, inshuwalansi wamba ya nyumba siphatikiza kusefukira kwa madzi, ndipo boma linachita kukhazikitsa yakeyake mu 1968.