I-80, I-40 kapena I-10: wodutsa America pa motorhome atsate msewu uti?

Munthu akaganiza zodutsa dziko la United States pa motorhome (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira m'kati mwake) kuchoka ku gombe lakumadzulo kukafika lakummawa, amathamangira kuwerenga makilomita a misewu ikuluikulu yodutsa dzikolo. I-80, wochoka ku San Francisco kukathera ku Teaneck, New Jersey, uli ndi makilomita pafupifupi 4,670. I-40, wa Barstow ku California mpaka Wilmington ku North Carolina, uli ndi 4,110, pomwe I-10, wa Santa Monica ku California mpaka Jacksonville ku Florida, uli ndi 3,960. Manambalawa asakutengeni mtima anzanga. Msewu umasankhidwa ndi mwezi umene mukunyamuka, komanso msinkhu ndi kulemera kwa nyumba imene mwaikweza pa matayalayo.

I-80 ndi umene umapusitsa anthu ambiri. Pa mapu umaoneka wowongoka bwino, ndipo ku Nebraska umatsatadi mtsinje wa Platte m'chigwa chathyathyathya moti injini imapumula. Nkhani ili ku Wyoming. Kumeneko msewu umakwera mpaka mamita 2,633 pa Sherman Summit, pakati pa Cheyenne ndi Laramie, koma chitundacho sichoopsa kwenikweni. Choopsa ndi mphepo. Kuchoka ku Laramie kulowera ku Rawlins, makamaka cha ku Arlington ndi Elk Mountain, mphepo imawomba mopingasa msewu, ndipo ikakula akuluakulu oona za misewu amaletsa magalimoto aatali koma opepuka kudutsa. Motorhome ndi imodzi mwa magalimoto otere. Ngakhale tsiku limene msewu uli wotsegula, thiraki ikamakupitirirani imayamba yakutchingirani mphepo, galimoto n'kukokera kumene kuli thirakiyo. Ikangodutsa, mphepo ija imakumenyani m'nthiti mwadzidzidzi, mbale n'kugwederera m'makabati. Mukayenda motero maola anayi, mapewa amakhala atauma gwa.

Onjezerani chitunda cha Donner Summit ku California, kumene nyengo yozizira amalamula kumanga matcheni ku matayala, ndiponso ma toll gate a ku Indiana ndi Ohio, amene amawerenga ma ekiselo, kotero wokoka galimoto yaing'ono kumbuyo amalipira zambiri. Ine I-80 ndingautsate kuyambira June mpaka September basi. Miyezi imeneyo ndiye umakoma, poti mapiri amapereka kamphepo kayaziyazi pamene kummwera kukuwotcha.

Ali pomwepo ena amakopeka ndi I-70 wodutsa Colorado, ndipo sindiwanena, kukongola kwake n'kosachita kufunsa. Koma msewuwu umalowa pansi pa phiri pa Eisenhower Tunnel uli pa mamita 3,401. Injini ya petulo yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene mwakwera, chifukwa mpweya umachepa. Werengani nokha: pamwamba pamenepo gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu lapita. Kukwerako n'kwabwino, mumangokwawa kumbuyo kwa mathiraki. Kutsika ndiye mayeso. Kulowera chakumadzulo ku Silverthorne kuli mtsetse wa 7 peresenti (kutsika mamita 7 pa mamita 100 alionse) wotalika makilomita oposa 10, ndipo wopondereza mabuleki osalekeza amayamba kumva fungo la kupsa asanafike pakati. Giya yaing'ono ilowe mukadali pamwamba. Liwiro likakwera pondani mwamphamvu kanthawi kochepa, kenako chotsani phazi kuti mabuleki azizire. Ku Utah nakonso, pakati pa Green River ndi Salina, mumayenda makilomita oposa 160 popanda pomwetsera mafuta, ndipo motorhome yaikulu ya petulo imangoyenda makilomita atatu kapena anayi pa lita. Wodziwa bwino galimoto yake apite. Woyamba kumene aisiye pa kampu ku Denver, akaone mapiriwo pa galimoto yaing'ono.

I-10 ndi msewu wa December mpaka March. Ulibe zitunda zoopsa ngati za ku Colorado, sinowo sagwagwa, ndipo m'mwezi wa January kumudzi wa Quartzsite ku Arizona kumadzaza anzathu othawa chisanu chakumpoto. Kuipa kwake n'kotopetsa: makilomita oposa 1,400 a msewuwu ali mu Texas mokha, ndipo ukachoka ku El Paso umaona thengo lomwelo mpaka maso kulemera, kenako n'kugwera m'chipwirikiti cha magalimoto ku San Antonio ndi Houston. M'nyengo yotentha musauyerekeze. Ku Phoenix kutentha kumapitirira madigiri 43, matayala okalamba amaphulika, firiji imalephera, ndipo gombe la Louisiana mpaka Florida limakhala m'nyengo ya anamondwe kuyambira June mpaka November. Cha ku Lordsburg, New Mexico, fumbi limatha kutseka msewu kamodzin'kamodzi. Likakupezani tulukiranitu mumsewu, zimitsani magetsi onse, chotsani phazi pa buleki. Zikumveka zachilendo, koma wobwera m'mbuyo akaona nyali zofiira amayesa mukuyenda, n'kukutsatirani mpaka kukuwombani.

Watsala ndi I-40, ndipo kwa wonyamuka mu September kapena October ndi umene ine ndingaloze. Suposa inzake pa chinthu chimodzi chilichonse, koma mavuto ake ndi ogawikana, sakuunjikirani malo amodzi. Umakwera ndithu, Flagstaff ili pa mamita pafupifupi 2,100, koma kukwera kwake n'kwapang'onopang'ono. Ma toll gate palibe. Kuchoka ku Barstow mpaka Oklahoma City umatsata njira ya msewu wakale wotchuka wa Route 66, kotero timatauni togona ndi malo a kampu sizisowa. Ndipo malo okaona ali m'mphepete mwa msewu momwemo: ku Williams mumapatuka makilomita pafupifupi 95 kukafika ku chigwa chozama chotchuka cha Grand Canyon, pomwe paki ya mitengo yosanduka miyala ya Petrified Forest msewu umachita kudutsa m'kati mwake. Kwa woyendetsa galimoto yotalika mamita 10 kapena 12, chimenechi si chaching'ono, chifukwa kupatuka kulikonse kolowa m'timisewu topapatiza kumadya mafuta ndi mtima womwe.

Nawonso uli ndi nyengo yake yoipa. Flagstaff imagwa sinowo wambiri, ku Amarillo msewu umachita madzi oundana, ndipo April ndi May ndi miyezi ya akamvuluvulu oopsa ku Oklahoma. Pamalire a Tennessee ndi North Carolina, m'chigwa cha Pigeon River, namondwe Helene anagumula msewuwu mu September 2024, ndipo atautsegulanso mu March 2025 magalimoto ankayenda mzere umodzi mbali iliyonse. Funsani momwe zilili musanafikeko. Amene akupita ku Virginia, Pennsylvania kapena New York alibe chifukwa cholowera m'chigwacho: akangodutsa Knoxville apatukire I-81, umene umalowera kumpoto chakummawa n'kulambalala Washington ndi Baltimore.

Kulambalalako n'kofunika. Misewu yodutsa pansi pa doko la Baltimore silola masilinda akuluakulu a gasi wophikira, ndipo misewu ya magalimoto aang'ono yotchedwa parkway yozungulira New York ili ndi milatho yotsika imene galimoto yaitali singadutse pansi pake. GPS ya pa foni sidziwa kuti denga lanu lili mamita pafupifupi anayi kuchokera pansi. Yezani msinkhu wa galimoto kuphatikizapo makina oziziritsira mpweya a padenga, lembani nambalayo m'mafiti ndi mainchesi, poti zikwangwani za kumeneko zimalembedwa motero, ndipo imateni pafupi ndi chiwongolero pamene diso lingaione msanga.