Kwaya kapena Lejio ya Maria?

Mnzanga wina wa kwathu ku Bembeke wandifunsa kuti alowe gulu liti pa parishi, poti nthawi yake ndi yochepa: ali ndi munda wa mbatatesi komanso ana atatu.

Kwaya aliyense amaidziwa. Mumakumana kuphunzira nyimbo mkati mwa sabata, Lamulungu n'kukhala kutsogolo, ng'oma ndi zisekese zili m'manja. Pa 22 Novembala mumakondwerera nkhoswe yanu, Sesiliya Woyera. Koma pamafunika kandalama ka yunifolomu ndi maulendo, ndipo maliro akagwa mumphakati mumachezera kuimba usiku wonse, ngakhale mu Juni chisanu cha kuno chikuluma zala.

Lejio ndi ina. Inayamba ku Dublin m'dziko la Ireland mu 1921 ndi Frank Duff, ndipo dongosolo lake silisintha: msonkhano sabata iliyonse, kolona, kenako aliyense apereke lipoti la ntchito imene anapatsidwa. Ntchitoyo ndi ya maola awiri pa sabata, ndipo mumayenda awiriawiri. Mumakapeza gogo ali gone pamphasa, mumamusesera m'nyumba, kumutungira madzi, kupemphera naye, n'kukauza bambo mfumu kuti abwere ndi Ukaristia. Mumayenderanso amene anasiya masakramenti, ndipo ena amakulandirani ndi nkhope yokwinya. Palibe wokuwomberani m'manja. Lipotilo ndiye limathawitsa ambiri, chifukwa sungangonena kuti "ndinatanganidwa" sabata ndi sabata.

Mnzangayo mawu ali nawo, koma ndamuuza ayambe Lejio. Maola awiri angawapeze akaweruka kumunda. Kuchezera pamaliro, ana angawasiyire ndani?