Crossover ya NE5532 ndi ma ampu a TPA3116D2, miyezi 5 ndikuzigwiritsa ntchito

Ndapereka nyenyezi 4, yachisanuyo ndaimana dala.

Ndinaoda pa intaneti, mlamu wanga ndi amene anandibweretsera pochokera ku Joni, ma board awiri a ampu a TPA3116D2 ndi kit imodzi ya active crossover, kabodi kogawa mawu pakati pa masipika, yoti uwotcherere wekha. Ndinali nditatopa ndi bokosi langa lakale, wufa ya 12 inchi ndi timasipika tiwiri ta 6.5 zonse pa ampu imodzi, ukangokweza voliyumu pang'ono mawu a woimba amayamba kunjenjemera chifukwa timasipika tating'onoto timalimbana ndi bezi yomwe sitingaikwanitse, kamodzi kanafika mpaka ponunkha.

Ma ampu aja nkhani yake ndi yaifupi. Wogulitsa analemba ma watt ambirimbiri, musawerenge zimenezo aise. Chip ya TPA3116D2 yomwe ili pa ma board amenewa ndi ya Texas Instruments ndipo eni akewo amati imapereka 50W mbali iliyonse pa sipika ya 4 ohm ukaipatsa 21V, malire ake ndi 26V, kupitirira apo mutha kuiotcha. Ine ndimayendetsera ma chaja awiri a laputopu a 19V omwe ndinatola kwa anyamata okonza makompyuta mu Limbe ndipo imalira bwinobwino, magetsi akathima ndikalumikiza ku batire ya sola ya 12V imalirabe koma mphamvu imatsika zedi, simungadutse ma watt 20 pa 4 ohm ngakhale mutapemphera. Chabwino chake ndi class D, mtundu wa ampu wosawononga moto wambiri, ka heatsink kake, kachitsulo koziziritsira chip, kangokhala ngati bokosi la machesi koma ndaimbitsa pa chinkhoswe cha msuweni wanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kanangofunda basi. Amene munapangapo ma ampu a ma transistor a 2SC5200 mukudziwa chitsulo chake chija ndi fani pamwamba.

Chenjezo limodzi, mawaya akuda opita ku sipika musawaphatikize komanso asakhudze ground. Pa ampu iyi mawaya onse awiri ali ndi moto, si ngati wailesi zakale zija.

Koma chomwe chasintha nyimbo mnyumba muno ndi crossover. Kabodi kakang'ono, ma chip a NE5532 okhala pa soketi, ma rezisita ndi ma kapasita mu kapepala ka pulasitiki, ndinakhala nako madzulo awiri ndi soldering iron. Ntchito yake imagawa nyimbo isanalowe mu ampu, bezi yokha kupita ku ampu ya wufa, zotsalazo kupita ku ampu ya timasipika, ndiye ampu iliyonse imangosenza katundu wake. Ndi ya mtundu wa Linkwitz-Riley wa 24dB, nambala yosonyeza kuthwa kwa kadulidwe kake, dzinalo ndi la akatswiri awiri Siegfried Linkwitz ndi Russ Riley, ndipo chomwe ndakondera mtundu umenewu nchoti pamalo pomwe wufa ikusiyira timasipika mbali zonse zimatsika 6dB ndipo zimakankha limodzi, sufunika kutembenuza mawaya a sipika ina ngati momwe zimakhalira ndi ya 12dB. Yanga ndinadula pa 100Hz. Poyamba ndinasiya pa 200Hz momwe ma rezisita obwera nawo amaperekera koma mawu a amuna oimba besi mu kwaya amamveka akutuluka pansi pa tebulo pomwe pali wufa, zosakhala bwino, ndiye ndinagula ena owirikiza kawiri nkusintha onse a filter, frequency inatsika ndi theka. Kuyambira tsiku limenelo ndimakweza mpaka anebala kutuluka panja koma timasipika tija phee, sitivutikanso, gitala ikumveka payokha ng'oma payokha. Mayi a kunyumba omwe amati ndikungotaya ndalama pa zinyalala anafunsa okha ngati ndagula masipika atsopano. Masipika ndi omwe aja.

Tsopano nyenyezi ndaimana ija. Wogulitsa sananene paliponse kuti crossover imafuna moto wa mbali ziwiri, +15V ndi -15V ndi ground pakati, ine ndimaganiza ndingotapa pa chaja yomweyo ya laputopu. Zinakanika. Ndinachita kukasaka thiransifoma ya mawaya atatu mu wailesi yakufa, ndikuika ma diode ndi ma regulator a 7815 ndi 7915 otulutsa +15V ndi -15V, sabata yathunthu zinthu zili pa tebulo. Kapepala ka malangizo munalibe, manambala olembedwa pa bodi ena osaoneka, ndinachita kuyeza rezisita iliyonse ndi mita. Ngati simunagwirepo soldering iron musayambire pamenepa, pezani mnzanu.

Kenako kunabwera hum, kaphokoso kaja kongoti mmmm nyimbo ikasiya. Apa sindinamizira wogulitsa, vuto linali langa, ndinali nditamwaza ma ground paliponse komanso thiransifoma ili pafupi ndi mawaya a signal. Nditasonkhanitsa ma ground onse pa bawuti imodzi, kuika waya wa shield ndi kusuntha thiransifoma kukona ina ya bokosi kanatheratu. Kaphokoso ka sssss mu timasipika tija kokha ndi komwe kanandizunza, ma board a ampu aja anabwera gain, mlingo wokulitsira mawu, ili pamwamba, chip imalola 20, 26, 32 kapena 36dB malinga ndi ma rezisita awiri tating'onoting'ono, ndinatsitsa pa 26 manja akunjenjemera chifukwa timarezisita take ndi ngati nsabwe. Panopa umachita kugunditsa khutu kuti ukamve.

Chatsala ndi kugunda kuja poyatsa, imati phu mu wufa. Ndimayamba kuyatsa crossover, ampu pambuyo, pozimitsa ampu kaye, ana ndawauza kambirimbiri koma wamng'onoyo amangozula pulagi. Ndikufuna ndiikepo relay, switch yodziyendera yokha, mwezi ukatha.

Kugulanso ndigula, abusa andipempha kale ya ku tchalitchi, koma ulendo uno ndiodera limodzi ka module kosintha 12V kukhala +15 ndi -15 chifukwa kumeneko nkwa sola yokhayokha.