Dalbavancin: diripi imodzi ya zilonda zosamva mankhwala

Wodwala wochokera ku Makanjira, mwendo wotupa ukutuluka mafinya, mankhwala opha tizirombo a cloxacillin atalephera, amayenera kugonekedwa masiku ambiri akulandira diripi ya mankhwala a vancomycin kawiri pa tsiku. Dalbavancin anapangidwira vuto lotere. Mankhwalawa anavomerezedwa ku America mu 2014, amapha MRSA (kachirombo ka m'zilonda kosamva mankhwala ngati cloxacillin), ndipo amakhala m'magazi kupitirira sabata ziwiri.

Munthu wamkulu amalandira 1500 mg kamodzi kokha, pa diripi ya mphindi 30. Kabotolo kamodzi ndi ka 500 mg, choncho pamafunika titatu, kalikonse kosungunula ndi 25 ml ya madzi a jakisoni. Osakhutchumula, kungozunguza pang'onopang'ono kuti asachite thovu. Kenaka sakanizani ndi madzi a shuga a diripi (dextrose ya 5%) basi, chifukwa madzi a mchere (saline) amawaundanitsa. Diripi ikathamanga, wodwala amatentha nkhope ndi pachifuwa, thupi n'kumayabwa. Amene impso zake zafooka kwambiri amalandira 1125 mg.

Kuno kunyanja chenjezo lalikulu ndi ili: bala la msodzi wobayidwa ndi munga wa kampango, kapena lokhalitsa m'madzi, limatha kulowedwa ndi Aeromonas, kachirombo kamene dalbavancin sakakhudza n'komwe. Mafinya ayezedwe kaye. Chithupsa nacho chitumbulidwe, mankhwala okha sangachiphwetse.

Ndi mankhwala abwino kwa wokhala kutali ndi chipatala, koma mtengo wake ndi wokwera zedi ndipo m'Malawi muno sapezeka wamba. Komanso thupi likadana nawo, palibe njira yowachotsera msanga, choncho funsani kaye ngati wodwalayo anadanapo ndi vancomycin, popeza mankhwala awiriwa ndi a gulu limodzi.