Katheta ya silikoni poiyerekeza ndi ya labala: ndalama yowonjezerayo imagula chiyani?

Wodwala amene wauzidwa kuti akhala ndi paipi ya mkodzo kwa miyezi yambiri, kaya chifukwa cha prostate yotupa imene ikudikira opaleshoni, njira ya mkodzo imene yatsekeka ndi zipsera za chinzonono chakale, kapena msana umene unavulala pa ngozi ya pamsewu, sachedwa kukumana ndi funso la mtengo. Kuchipatala nthawi zambiri amamuika katheta ya labala, yachikasu ija, koma achibale akalowa mu famase amaonetsedwanso ina yooneka mkati, yopangidwa ndi silikoni yekhayekha, imene mtengo wake ndi wokwera ndithu. Pa ntchito yanga yoyendera odwala kunyumba ndagwiritsa ntchito mitundu yonse iwiri, ndipo maganizo anga ndi akuti ya silikoni ndi yoyenera ndalama zake kwa munthu amene akhala ndi paipi kupitirira mwezi umodzi, ngakhale kuti ogulitsa ena amaitamanda mopitirira zimene imachitadi.

Mitundu yonse iwiriyi imatsatira kapangidwe ka Frederic Foley, dokotala wa ku St. Paul m'dziko la America, amene m'zaka za m'ma 1930 anakonza paipi yokhala ndi njira ziwiri: yaikulu yotulutsa mkodzo, ndi yaing'ono yopoperamo madzi m'kabaluni kamene kamagwira paipiyo kuti isasolotoke m'chikhodzodzo. Kukula kwake kumayezedwa ndi manambala a Charrière, ndipo nambala iliyonse ikuimira gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, choncho ya 14 imanenepa pafupifupi mamilimita 4.7. Kamphete ka pa njira ya kabaluni kamakuuzani kukulako ndi mtundu wake: koyera ndi 12, kobiriwira ndi 14, ka olenji ndi 16, kofiira ndi 18. Ubwino woyamba wa silikoni wabisala pamenepa. Khoma lake ndi lopyapyala kuposa la labala, motero mapaipi awiri onenepa mofanana kunja amasiyana mpata wamkati, ndipo ya silikoni ya 14 imatulutsa mkodzo momasuka popanda kukakamiza wodwala kuvala paipi yaikulu. Wogula aonetsetse zolembedwa pa paketi, chifukwa yolembedwa kuti "silicone coated" ndi ya labala imene yangopakidwa silikoni pamwamba, ndipo chopakacho chikhoza kutha pakapita nthawi. Yeniyeni imalembedwa kuti "100% silicone" kapena "all silicone". Ndaona mabanja ambiri atalipira mtengo wa yachiwiriyi n'kubwera kunyumba ndi yoyambayo.

Vuto limene limadzutsa anthu usiku kwambiri ndi kutsekeka kwa paipi, ndipo apa m'pamene ndinkafuna kuona ngati silikoni amasinthadi kanthu. Chimene chimatseka si dothi lochokera kunja ayi. Pali mabakiteriya ena, makamaka Proteus mirabilis, amene amaphwanya urea, chinthu chimene thupi limataya mumkodzo, n'kutulutsa ammonia, ndipo mkodzo ukasintha motero, mchere wa calcium ndi magnesium umene unali wosungunuka umayamba kuuma n'kumamatira ku kabaluni, ku timabowo ta kunsonga ndi m'kati mwa paipi monse. Mukaifinya paipi yotereyi pakati pa zala mumamva timchenga tikukhukhuluzika, ndipo mukaing'amba mlitali itachotsedwa mumapeza zoyera zolimba ngati zimene zimamatirira pansi pa ketulo m'madera a madzi amchere. Silikoni amachedwetsa zimenezi chifukwa mpata wake ndi waukulu ndipo khoma lake ndi losalala, koma saziletsa. Alipo odwala amene paipi ya mtundu uliwonse imawatsekekera pasanathe milungu itatu, ndipo kwa iwowa kugula ya silikoni ndi chiyembekezo choti ikhala miyezi itatu ndi kutaya ndalama. Chimene chimawathandiza ndi kumwa madzi ambiri, kuwonjezerako madzi a mandimu, ndi kulemba tsiku limene paipi iliyonse yatsekeka kuti yotsatira isinthidwe tsikulo lisanafike. Kutsekeka kukamabwerezabwereza, wodwala ayenera kujambulidwa, pakuti nthawi zina gwero lake limakhala mwala umene wakula m'chikhodzodzo.

Kwa odwala ena onse, kusiyana kwa nthawi ndiye phindu lalikulu. Katheta ya labala siyenera kupitirira milungu inayi, pamene ya silikoni imaloledwa kukhala mpaka milungu khumi ndi iwiri. Kwa mkulu wa kumudzi amene amafunika njinga ya kabaza, minibasi ndi womuperekeza kuti akafike kumene kuli namwino wodziwa kusintha paipi, ulendo umodzi m'malo mwa maulendo atatu umabweza mtengo wa paipiyo n'kutsalako. Palinso nkhani ya mnofu wa njira ya mkodzo, umene labala amaunyerenyetsa ndi kuutupitsa kuposa silikoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, madokotala a ku Finland anadabwa kuona amuna ambiri amene anachitidwa opaleshoni ya mtima akutsekeka njira ya mkodzo pambuyo pake, ndipo kafukufuku analoza ku mapaipi ena a labala amene ankatulutsa mankhwala owononga mnofu. Labala wa masiku ano ndi wabwinoko, komabe kwa munthu amene njira yake ili kale ndi zipsera, kapena amene wangokonzedwa njirayo ndi opaleshoni, sindiona chifukwa choyeserera. Ana obadwa ndi msana wotseguka, amene matupi awo kawirikawiri amadana ndi labala chifukwa chokhudzana naye kuyambira ukhanda, sayenera kuikidwa ya labala n'komwe.

Zofooka za silikoni zilipo, ndipo ogulitsa sazitchula. Choyamba, ndi wolimbirako, choncho amayi ena ndi amuna owonda amadandaula kuti amamumva akakhala pansi. Chachiwiri, madzi a m'kabaluni amachepa pang'onopang'ono podutsa m'khoma la silikoni, moti paipi imene inapoperedwa mamililita 10 ikhoza kupezeka ili m'zofunda m'mawa wina patapita milungu ingapo. Opanga ena amaika m'paketi sirinji ya madzi osakaniza ndi glycerine pofuna kuchepetsa vutoli, ndipo paketi yotere ndi yoyenera kuisankha ikapezeka. Ngati palibe, namwino ayenera kumaona madziwo nthawi ndi nthawi. Kabaluni sikapoperedwa mpweya, chifukwa kamayandama, ndiponso sikapoperedwa madzi amchere a m'diripi, chifukwa mcherewo ukhoza kuuma n'kutseka njira yake. Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri, n'chakuti kabaluni ka silikoni kakaphwa sikabwerera bwino m'malo mwake, kamasiya kamzere kokwinyika kuzungulira nsonga, ndipo kamzereko kamakanda njira potuluka, makamaka kwa amene paipi yawo inalowetsedwa m'chikhodzodzo kudzera pa kabowo ka pamimba. Namwino wodziwa amalumikiza sirinji n'kuisiya kuti madzi abwerere okha osakoka mwamphamvu, ndipo kuleza mtima kwa mphindi imodzi kumeneku kumapulumutsa wodwala ku magazi ndi ululu.

Nthawi zina kabaluni kamakaniratu kuphwa. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika achibale amathamangira lumo kapena kuyamba kukoka, ndipo zonse ziwiri ndi zoopsa: paipi yodulidwa pafupi ndi thupi ikhoza kulowa m'kati, ndipo kabaluni kokokedwa kali kotupa kamang'amba njira ya mkodzo, n'kusiya chipsera chimene munthu adzavutika nacho moyo wake wonse. Kupopera madzi ambiri kuti kaphulike nakonso si nzeru, chifukwa tizidutswa totsala m'chikhodzodzo timasanduka maziko a miyala. Kuchipatala amalowetsa kawaya kopyapyala m'njira ya kabaluni, kapena amakabaya ndi singano akuyang'ana pa sikani.

Pali zina zimene mtengo wa paipi sugula, ndipo ndikuzitchula chifukwa mabanja amene agula yodula amaganiza kuti atha nazo. Pofika mwezi umodzi, pafupifupi aliyense wokhala ndi katheta amakhala ndi mabakiteriya mumkodzo, kaya paipiyo ndi ya mtundu wanji. Mkodzo wonunkha kapena wa mbuu pawokha si chifukwa chomwera mankhwala opha tizilombo. Chofunika kuyang'ana ndi kutentha thupi, kunjenjemera, kupweteka m'mbali mwa msana, kapena kusokonezeka maganizo kwa okalamba. Chodabwitsa kwambiri mwa zonse ndi thumba la mkodzo losanduka lapepo. Ndinaitanidwa kwa gogo wina wachizimayi wogona pamphasa, amene thumba lake ndi paipi yolowera m'thumbamo zinali zapepo wowala ngati zanyikidwa mu utoto, ndipo pakhomo panali patayamba kale kunong'onezana za kudyetsedwa mankhwala. Gogoyo sankamva kupweteka kulikonse, koma anali atadzimbidwa kwa masiku ambiri. Chimene chimachitika n'chakuti mabakiteriya a m'matumbo amaphwanya tryptophan, chinthu chopezeka m'zakudya zomanga thupi, chiwindi chimasintha zotsalazo n'kuzitumiza mumkodzo, ndiyeno mabakiteriya a m'paipi monga Providencia, Klebsiella ndi Proteus amazisandutsa utoto wa mitundu iwiri, wabuluu ndi wofiira, umene umalowerera m'pulasitiki ya thumba n'kuoneka wapepo. Vutoli linalembedwa koyamba m'mabuku a zachipatala mu 1978, limakonda amayi okalamba odzimbidwa, ndipo kawirikawiri limatha ndi kusintha paipi ndi thumba, kumwa madzi ndi kumasula m'mimba.

Ziwiri zina zimachokera m'manja mwa osamalira. Mwamuna wosadulidwa akaikidwa paipi kapena akasambitsidwa, khungu la kunsonga limakokeredwa kumbuyo, ndipo likaiwalika komweko limamanga nsonga, imene imatupa mpaka khungulo kulephera kubwerera. Pakapita maola ambiri magazi amasiya kuyenda bwino ndipo pamafunika dokotala msanga. Kubwezeretsa khungulo ndi ntchito ya kamphindi, koma palibe paketi ya katheta imene ndinaiona ikukumbutsa zimenezi m'chilankhulo chimene mlongo kapena mkazi wa wodwala angawerenge. Chinanso ndi kung'ambika kwa pang'onopang'ono kwa pakamwa pa njira ya mkodzo, pamene thumba lodzaza limalendewera n'kumakoka paipi kwa miyezi, mpaka njirayo kutseguka chakunsi kwa chida cha abambo. Amene alibe mphamvu yomva kukhudza, monga ovulala msana, sazindikira kuti zikuchitika, ndipo silikoni, pokhala wolimbirako, sakhululuka pa ichi. Lamba womangira paipi pantchafu kapena pamimba ndi wotchipa poyerekeza ndi paipiyo, ndipo ndimalangiza kuti agulidwe tsiku lomwelo.

Osamalira munthu wovulala msana kuyambira pakati pa chifuwa kupita kumtunda ayenera kudziwa chinthu chimodzi choposa zonsezi. Paipi ikapindika kapena kutsekeka, chikhodzodzo chodzaza chikhoza kukweza kuthamanga kwa magazi modzidzimutsa, ndipo wodwala amamva mutu waukulu wogunda, amatuluka thukuta kumaso ndi kufiira khosi. Ameneyu sagonekedwa chagada. Amakhazikidwa tsonga, zovala zothina zimamasulidwa, paipi imawongoledwa, ndipo ngati mkodzo sukutulukabe amathamangira naye kuchipatala, chifukwa akhoza kuchita sitiroko. Mpata waukulu wa silikoni umachepetsa mwayi wa ngozi imeneyi, ndipo kwa odwala amenewa ndimailimbikitsa mosazengereza.

Magazi mumkodzo asamangonamiziridwa paipi nthawi zonse. Paipi yokhalitsa zaka zambiri imanyerenyetsa khoma la chikhodzodzo ndipo imawonjezera mwayi wa khansa ya m'chikhodzodzo ya mtundu wotchedwa squamous, womwenso umayambitsidwa ndi likodzo la nthawi yaitali. Munthu amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ku Chilwa kapena m'chigwa cha Shire akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, choncho magazi obwerezabwereza amafuna kuti dokotala ayang'ane m'chikhodzodzo ndi kamera, paipi ikhale yodula chotani.

Kwa wodwala wa masiku ochepa pambuyo pa opaleshoni, ya labala ndi yokwanira, ndipo kugula ya silikoni n'kosafunika. Kwa wa miyezi, wa zipsera m'njira ya mkodzo, wovulala msana kapena wodana ndi labala, ya silikoni ya 12 kapena 14 ndiyo ndingasankhe, ndipo ndimakana chizolowezi chothamangira ya 18 mkodzo ukamadontha m'mbali, pakuti kudonthako kawirikawiri kumachokera ku kutsekeka, kudzimbidwa kapena kukokana kwa chikhodzodzo, ndipo paipi yaikulu imangowonjezera kukokanako. Koma musanagule bokosi lonse, funsani dokotala ngati wodwalayo akufunikiradi paipi yokhalitsa. Kuyambira mu 1972, pamene Jack Lapides wa ku yunivesite ya Michigan anaonetsa kuti munthu akhoza kudzilowetsa yekha kapaipi kopanda baluni kangapo pa tsiku ndi manja osamba ndi sopo, n'kukachotsa akatha kukodza, njira imeneyi yathandiza ambiri ovulala msana amene manja awo amagwira ntchito, ndiponso amuna amene amafunika kutsegula chipsera cha m'njira kuti chisatsekekenso. Kapaipi kameneka, kotchedwa Nelaton, ndi kotchipa kuposa katheta ya Foley ya mtundu uliwonse, ndipo chimene chimasowa m'zipatala zathu zambiri ndi namwino wokhala ndi nthawi yophunzitsa wodwala kagwiritsidwe ntchito kake.