Kudikira nambala iime kapena kutsata kutsika kwake: njira ziwiri zoyezera mpweya m'kalasi

Amene muli ndi kachipangizo koyezera CO2 (mpweya umene timatulutsa popuma), kaya ndi kogula ngati Aranet4 kapena kodzipangira nokha ndi sensa ya SCD30, mwaona kuti nambala ya ppm (magawo a CO2 pa magawo miliyoni a mpweya) payokha sinena kuchuluka kwa mpweya wabwino umene ukulowa. Njira zodziwika zowerengetsera zilipo ziwiri, koma sindizikhulupirira mofanana.

Yoyamba ndi yodikira. Ana akakhala pansi nambala imakwera, kenako imaima, kusonyeza kuti CO2 amene akutulutsa popuma wafanana ndi amene akutulukira kunja. Masamu ake ngapafupi. Panja pamakhala pafupifupi 420 ppm. Tinene kuti m'kati yaima pa 1,220. Kusiyana kwake ndi 800 ppm, ndiye kuti 0.0008. Mwana wosinkhukirapo atakhala phee amatulutsa malita pafupifupi 0.004 a CO2 pa sekondi. Mukagawa 0.004 ndi 0.0008 mupeza malita 5 a mpweya wabwino wolowa pa sekondi kwa mwana aliyense, theka chabe la malita 10 amene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2021. Tepi yoyezera chipinda siifunika n'komwe.

Pamene pagona vuto ndi pa kuimako. M'chipinda chomwe mpweya umasinthika kamodzi pa ola, pamafunika maola 3 kuti nambala iyandikire poimira pake. Belu limalira, ana n'kutuluka, iyo ikadakwerabe. Mukatenga yapamwambayo ngati yokhazikika, kalasi yotsamwitsa imaoneka yabwinoko kuposa mmene ilili. Izi zimandidetsa nkhawa, chifukwa njirayi imaphonya kwambiri pa zipinda zomwe zikufunikira thandizo. Komanso 0.004 uja ndi wongoyerekeza: mwana wa Sitandade 1 ndi mnyamata wa Fomu 4 wongochokera kumpira sapuma mofanana.

Yachiwiri imayamba onse akatuluka pa buleki kapena poweruka. Mumaona nthawi imene kusiyana kwa m'kati ndi panja kutsike ndi theka. Nambala ikachoka pa 1,620 kufika pa 1,020 m'mphindi 20, kusiyanako kwatsika kuchoka pa 1,200 kufika pa 600; gawani 0.69 (nambala yosasintha ya m'njirayi) ndi nthawiyo, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ola. Mpweya ukusinthika pafupifupi kawiri pa ola. M'chipinda cha mamita 8 mulitali, 7 mulifupi ndi 3 kukwera, amenewo ndi malita opitirira pang'ono 90 pa sekondi. Ana akakhala 50, aliyense akupeza pafupifupi malita 2 okha. Mukanatenga 1,620 uja m'njira yoyamba, mukanapeza oposa 3.

Apa simusowa kudziwa zaka za ana kapena mmene amapumira. Koma mukuyeza chipinda chopanda anthu, ndiye chitseko ndi mawindo zikhale ndendende mmene zinalili pophunzira. Wotsiriza kutuluka akasiya chitseko pululu, kapena wosesa akalowa, kuyezako kwawonongeka. Kutentha kwa matupi a ana kumathandizanso kukankha mpweya, choncho zotsatira zingasiyaneko pang'ono.

Ine ndimayamba ndi yotsikayi, n'kuibwereza tsiku lamphepo ndi tsiku la bata, poti kalasi yodalira mawindo imasintha ndi nyengo. Yodikira ndimaivomera pokhapokha ana akhalamo nthawi yaitali ndipo mzere wa pa girafu wagonadi.

Njira iliyonse imene mungasankhe, sensa ikhale ya NDIR, mtundu woyeza CO2 weniweni pogwiritsa ntchito kuwala. Zotchipa zolembedwa eCO2 siziyeza CO2 weniweni, zimangoyerekeza potengera mipweya ina. Ikani kachipangizoko pamsinkhu wa mutu wa mwana atakhala pansi, kutali ndi windo, ndipo achidwi asakapumire pafupi.